Khasu Silima Lokha

1. Mlandu Wake

Ku Wenya, m'dziko la Mfumu Mwenewenya, kumwera kwa boma la Chitipa, kuli amuna ndi akazi ambiri amene aphunzira kuwerenga ndi kulemba ali akulu kale. Ena anayamba sukulu ali ana, nalekera panjira chifukwa cha kuweta ng'ombe kapena kusowa zovala; ena sanapondemo konse m'kalasi kufikira tsiku limene analowa sukulu ya kwacha, imvi zitayamba kuoneka. Lero anthu amenewa atha kulemba dzina lawo pa pepala la ku chipatala osadindanso chala, ndipo atha kudziwerengera okha kalata yochokera kwa mwana wawo wa ku Mzuzu kapena ku Johannesburg. Ichi ndi chinthu chachikulu, ndipo ayenera kulemekezedwa nacho.

Koma munthu amene wasulitsa khasu salipachika kudenga kuti lichite dzimbiri. Kudziwa zilembo ndiko kukhala ndi khasu. Munda wake ndiwo nkhani, mbiri, malangizo ndi madandaulo amene munthu ali nawo mumtima, amene ayenera kufika pa pepala kuti ena awaone.

Tsono pa khomo la wophunzira watsopanoyu paima anthu a mitundu iwiri, ndipo onse amsokeretsa. Woyamba ati, kulemba nkhani ndi mabuku ndi ntchito ya anthu a ku koleji odziwa Chingerezi, wa sukulu ya kwacha akhutire ndi kusaina dzina lake. Wachiwiri ati, palibe chifukwa cha kudzivuta, pakuti masiku ano foni ilemba yokha, munthu angoiuza zimene afuna. Mawu a anthu awiriwa asiyana, koma mathero ake ndi amodzi: munthu wa ku Wenya akhala chete, ndipo zimene adziwa zilowa naye m'manda. Nkhani ino itsutsa onse awiri, ndipo ionetsa kuti zida zothandiza mlembi zilipo zambiri lero, koma palibe ndi chimodzi chomwe chimene chingalowe m'malo mwa mlembi mwini.

2. Amene Ati Kulemba Nkwa Ophunzira Okha

Anthu onena mawu awa saidziwa mbiri ya mabuku a dziko lino. Buku loyamba lalikulu lotanthauzira mawu a Chinyanja silinachokere ku koleji. Linachokera m'kamwa mwa kapolo. Munthuyo dzina lake anali Salimini, wobadwira m'chigawo chapakati cha dziko la Malawi, amene anagwidwa ndi ogula anthu natengedwa kunka kunyanja yamchere. Kufupi ndi Mombasa anakomana ndi mmishonale wa ku Germany, Johannes Rebmann, amene anamva kuti chilankhulo cha munthuyu nchachilendo, nayamba kumfunsa mawu limodzilimodzi ndi kuwalemba. Buku lija linasindikizidwa mu 1877, Rebmann atamwalira kale. Rebmann sanapondepo m'dziko la Malawi. Iye anali ndi cholembera, koma mawu onse anali a Salimini.

Pambuyo pake David Clement Scott wa ku mishoni ya Blantyre anatulutsa buku lake la mawu a Chimang'anja mu 1892, ndipo Alexander Hetherwick analikonzanso nalikulitsa mu 1929. Kumpoto William Turner anasonkhanitsa mawu a Chitumbuka ndi Chitonga m'buku limene linatuluka mu 1952. Kodi azungu amenewa anawatenga kuti mawuwo? Sanabwere nawo m'masutikesi kuchokera ku Scotland. Anawatola pa bwalo la milandu, pa mtondo, pa maliro ndi m'minda, kwa anthu amene ambiri a iwo sanadziwe ngakhale chilembo chimodzi.

Ndipo eni dziko atagwira cholembera, sanadikire kuti akhale madokotala a maphunziro. Samuel Yosiya Ntara anali mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma pamene analemba Nthondo, buku limene linapambana pa mpikisano wa olemba a mu Africa nilisindikizidwa mu 1933. Analilemba m'Chinyanja, ndipo azungu ndiwo amene anachita kulimasulira m'Chingerezi kuti anthu a kwawo alimve. Saulos Nyirenda, wophunzira wa ku Livingstonia, analemba mbiri ya Atumbuka ndi Ahenga m'Chitumbuka, ndipo inasindikizidwa mu 1931. Yesaya Chibambo wa ku Ekwendeni analemba mbiri ya Angoni m'chilankhulo chomwecho. Mu 1948 boma linakhazikitsa ofesi yosindikiza mabuku a zilankhulo za Northern Rhodesia ndi Nyasaland ku Lusaka, ndipo ambiri mwa amene anatumizako zolemba zawo anali aphunzitsi a m'midzi, makalaliki ndi alaliki.

Wina adzati, komatu onsewa anapita ku sukulu ya mishoni. Inde anapitako. Koma pamene Ntara anafuna kulemba Mbiri ya Achewa, anayenda kukakhala pansi pa mapazi a nkhalamba, pakuti mbiriyo sinali m'mabuku a sukulu. Mlembi wa masiku aja anali ndi zilembo, nkhalamba inali ndi nkhani, ndipo anafunika anthu awiri kuti buku libadwe. Lero wophunzira wa sukulu ya kwacha ali nazo zonse ziwiri m'thupi limodzi. Waona zaka zambiri, waika maliro, waweruza milandu ya mabanja, wapulumuka njala, ndipo tsopano adziwa zilembo. Mnyamata wa ku koleji ampambana pa Chingerezi. Pa zodziwa za moyo wa ku Wenya sampambana. Amene auza munthu wotere kuti akhale chete alanda dziko chuma chake.

3. Zida Zimene Zilipo Lero

Olemba a kale anavutika kupeza zida. Buku lotanthauzira mawu linali limodzi pa mishoni yonse, lotsekeredwa m'kabati ya mzungu, ndipo nkhani ikalembedwa inayenda miyezi pa positi isanafike kwa osindikiza. Lero zinthu zasintha chifukwa cha intaneti, ndiyo njira imene makompyuta ndi mafoni a dziko lonse lapansi alumikizana nayo, kotero kuti cholembedwa chosungidwa kutali chioneka pa foni ya m'manja ku Wenya. Zida zimene ziyenera kudziwika ndi izi.

Choyamba ndi mtanthauziramawu. Steven Paas wa ku Netherlands, amene anaphunzitsa pa sukulu ya ubusa ku Zomba, anasonkhanitsa mawu a Chichewa ndi Chingerezi mothandizidwa ndi Amalawi ambiri, ndipo buku lawo linasindikizidwa ndi Oxford mu 2016. Mawu ake aikidwanso pa intaneti, pamene munthu alemba liwu limene lamvuta naona tanthauzo lake. Palinso Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000, wokonzedwa ndi likulu lofufuza za zilankhulo la University of Malawi ku Zomba, umene utanthauzira Chichewa m'Chichewa chomwe. Umenewu ndi wofunika kuufunsa kwa aphunzitsi ndi ku nyumba zowerengeramo mabuku. Ngakhale mabuku akale aja a Rebmann ndi Scott anajambulidwa tsamba ndi tsamba, ndipo apezeka m'nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa Internet Archive. Chimene kale chinali m'kabati ya mzungu chili poyera tsopano.

Chachiwiri ndi zowerenga. Palibe mlembi amene akula osawerenga, monga palibe woimba amene aphunzira nyimbo osamvera anzake. Buku Lopatulika, limene linatha kumasuliridwa mu 1922, ndi Buku Loyera la mu 1998, onse alipo pa foni, ndipo munthu akhoza kuika ndime imodzi ya mabuku awiriwa pafupi ndi pafupi, naona m'mene chilankhulo chasinthira m'zaka zapakati pake. Bungwe la Saide la ku Johannesburg linatsegula nkhokwe ya timabuku ta nthano yotchedwa African Storybook, mmene muli nkhani m'zilankhulo zambiri za mu Africa, Chichewa ndi Chitumbuka pamodzi. Timabukuto sitigulitsidwa. Munthu aloledwa kutiwerenga, kutisunga m'foni, kutimasulira m'chilankhulo cha kwawo, ngakhale kuikamo nkhani yakeyake.

Chachitatu ndi zopangira mabuku. Bungwe la SIL linakonza pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Bloom, yopangira timabuku tosavuta ta zithunzi m'chilankhulo chilichonse, ndipo ikalowa m'kompyuta igwira ntchito ngakhale popanda intaneti. Kompyuta imodzi ya pa sukulu kapena pa tchalitchi ikwanira kupangira kalasi lonse timabuku.

Chachinayi ndi Wikipedia, buku lalikulu la zodziwa zamitundumitundu limene lilembedwa ndi anthu odzipereka osalandira malipiro. Lilipo la Chingerezi, lilipo la Chichewa, liliponso la Chitumbuka, ndipo khomo lake ndi lotsegukira aliyense amene atsata malamulo ake.

Chachisanu, chimene ambiri achipeputsa, ndi kachipangizo kojambulira mawu kamene kali m'mafoni ambiri, ngakhale ena otsika mtengo. Ntara anayenera kulemba mothamanga nkhalamba ikulankhula, ndipo chimene chinamdutsa chinatayika. Lero mlembi ajambula mawu a agogo ake, nakawamvera kunyumba kawiri kapena kakhumi, nalemba pang'onopang'ono monga dzanja lake lilola. Kwa munthu amene wayamba kumene kulemba palibe chida choposa ichi, ndipo sichifuna intaneti konse.

4. Amene Afuna Kuti Makina Awalembere

Apa ndipo pali msampha woopsa, pakuti nyambo yake ndi yokoma. Mu 2014 makina omasulira a Google Translate analandira Chichewa, ndipo mu 2024 analandira Chitumbuka. Kumapeto kwa 2022 kunatuluka ChatGPT, ndipo pambuyo pake makina ena ofanana nayo, amene munthu akawafunsa alemba kalata, nkhani kapena ulaliki wathunthu m'kanthawi kochepa. Anyamata ena ku Chitipa aonetsa zimenezi kwa makolo awo, nati, taonani, kuphunzira kulemba kwatha ntchito. Mawu awa ndi onama, ndipo bodza lake lioneka munthu akadziwa m'mene makinawo agwirira ntchito.

Makina awa sanakhalepo pa mudzi, sanalirepo maliro, sanamvepo njala. Anadyetsedwa zolembedwa zambirimbiri za anthu, ndipo kuchokera m'zolembedwazo anaphunzira kuti liwu lakuti litsatana kawirikawiri ndi liwu lakuti. Kumene zolembedwa zachuluka, monga m'Chingerezi, achita bwino ndithu. Kumene zachepa, monga m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, apunthwa. Ndiponso zambiri mwa zolembedwa zochepazo ndi za chipembedzo ndi za maofesi, kotero kuti makinawo adziwa bwino kalankhulidwe ka pa guwa kuposa ka m'khola la ng'ombe.

Chitsanzo chake nachi. Liwu lakuti mtengo litanthauza chomera cha m'nkhalango, litanthauzanso ndalama zogulira chinthu. Liwu lakuti khungu litanthauza chikopa cha munthu, litanthauzanso kusapenya. Polankhula, khutu lisiyanitsa mawu awa ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu. Pa pepala aoneka amodzi, ndipo makina angochita kulota. Mwana wa zaka zisanu saphonya pamene makina a ndalama zambiri akhoza kuphonya.

Choopsa kwambiri chili pa mawu a chibale. Chingerezi chili ndi liwu limodzi lotchulira mlongo wa amayi ndi mbale wa abambo. Chichewa chisiyanitsa malume ndi bambo wamkulu kapena wamng'ono, ndipo Chitumbuka chitcha mlongo wa amayi sibweni, osamsokoneza ndi abale a abambo. Pa mlandu wa munda, wa ng'ombe za malowolo kapena wa chuma chamasiye, kusiyana kumeneku ndiko mlandu wonse. Munthu amene alola makina kummasulira kalata yopita kwa mfumu kapena ku bwalo la milandu, iye osatha kuiwerenga ndi kuikonza, akhoza kupereka munda wa ana ake kwa munthu wosayenera, dzina lake lili pansi pa kalatayo.

Pali chinanso. Makina olemba nkhani aja sachita manyazi. Akafunsidwa chinthu chimene sanachipeze m'zolembedwa, nthawi zina apeka yankho nalinena molimba mtima monga mboni yoona ndi maso. Wina akawafunsa mndandanda wa mafumu a mudzi wakutiwakuti wa ku Wenya, akhoza kumpatsa mayina ooneka bwino ndi zaka zake, zonse zopeka. Bodza lolankhulidwa pa mowa liuluka ndi mphepo, koma bodza lolembedwa likhala, ndipo zidzukulu zidzalitenga ngati mbiri.

Tsono kodi makinawa atayidwe? Ayi. Nkhwangwa ikhulupirira mpini, ndipo mpini ukhulupirira dzanja. Makina omasulira athandiza munthu kumva mutu wa kalata ya Chingerezi imene yamfikira, ndi kupeza liwu limene laiwalika. Koma amene apindula nawo ndi yekhayo wodziwa kuwerenga, wakutha kuona cholakwa nachikonza. Chotero kubwera kwa makina kwachulukitsa chifukwa cha kuphunzira kulemba, sikunachichepetse. Wosadziwa kulemba kale ananyengedwa ndi kalaliki wosakhulupirika; lero akhoza kunyengedwa ndi foni, ndipo foni saiitanira ku bwalo.

Pomaliza pa mutu uwu, kutenga zolemba za munthu wina pa intaneti ndi kuikapo dzina lako ndi kuba, monga kukolola m'munda wa mwini. Dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza zolemba ndi nyimbo, limene linakonzedwanso mu 2016, ndi bungwe la COSOMA loyang'anira zimenezi. Lamulo lomwelo liteteza nkhani ya mayi wa ku Wenya monga liteteza ya pulofesa.

5. Zilankhulo za ku Chitipa

Boma la Chitipa, limene kale linatchedwa Fort Hill, linali ndi anthu oposa 230,000 pa kalembera wa mu 2018, ndipo palibe boma lina m'Malawi lokhala ndi zilankhulo zambiri monga ili. Kuli Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chinamwanga, Chimambwe, Chibemba ndi zina, ndipo ku Wenya ndi ku Nthalire ambiri alankhula Chitumbuka. Ena aona ichi ngati chipwirikiti. Kunena zoona ndi nkhokwe zambiri pa mudzi umodzi.

Mbiri ya zilankhulo izi ili ndi chilonda chimene sichiyenera kubisika. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chichewa chikhale chilankhulo cha fuko lonse pamodzi ndi Chingerezi, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Chinabwereranso pa wailesi ya MBC mu 1994. M'zaka zapakatizo Chichewa chinali ndi bungwe lake, lokhazikitsidwa mu 1972, limene linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, 1980 ndi 1990; ndicho chifukwa chake mabuku akale alemba cifukwa ndi nchito pamene a lero alemba chifukwa ndi ntchito. Zilankhulo za kumpoto zinalibe wozisamalira chotero. Mu 1996 likulu la zilankhulo la ku Zomba linalowa m'malo mwa bungwe lija kuti lisamalire zilankhulo zonse za m'dziko, ndipo mu 2006 linachita kafukufuku wa zilankhulo za chigawo chakumpoto.

Chilonda chimenechi chioneka lero pa foni. Pamene Chitumbuka chinalowa m'makina a Google mu 2024, Chilambya, Chisukwa ndi Chindali sizinalowe. Chifukwa chake chachikulu nchodziwika: makina aphunzira kuchokera ku zolembedwa, ndipo chilankhulo chokhala ndi zolembedwa zochepa sichiwapatsa chakudya. Munthu amene adikira kuti anthu a ku America adzamlembere Chilambya adzadikira kufikira imfa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kuti anthu ochepa akhoza kusintha zinthu, umboni ulipo. Wikipedia ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni, ndipo ya Chichewa ndi yaing'ono kwambiri. Koma ya Chitumbuka yakula kuposa ya Chichewa, ngakhale kuti olankhula Chichewa achuluka kutalitali. Palibe lamulo la boma limene linachita ichi. Anachita ndi anthu odzipereka amene anakhala pansi nalemba.

Pano wina adzafunsa kuti, nanga wa ku Wenya alembe m'chilankhulo chiti? Alembe m'chimene alota nacho. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Akafuna kuti a ku Nsanje ndi ku Chipata amve, alembenso m'Chichewa, pakuti Chichewa ndi mlatho wofika kutali, ku Zambia, ku Tete ndi ku Niassa komwe. Kudziwa zilankhulo ziwiri kapena zitatu, monga achitira anthu ambiri a ku Chitipa, ndi mphamvu imene olemba a m'mayiko ena aisirira. Ndipo asaope zilembo zovuta. Chilembo cha ŵ, chimene chili m'mawu a Chitumbuka monga ŵanthu, chikasowa pa foni, alembe ndi dzanja m'kope. Nkhani yabwino siifa chifukwa cha kachizindikiro kamodzi.

6. Madandaulo Oona

Si onse okana kulemba amene ali aulesi, ndipo madandaulo awo ayenera kumveka. Foni yotha kutsegula intaneti ndi yokwera mtengo kwa mlimi amene apeza ndalama kamodzi pa chaka. Mayunitsi atha msanga. M'zigwa zina za pakati pa mapiri netiweki siifika, ndipo munthu achita kukwera chulu kuti alankhule ndi mwana wake. Magetsi sanafike m'midzi yambiri. Malangizo a zida zambiri ali m'Chingerezi. Ndipo mayi amene wachoka ku munda, natunga madzi, naphika, alibe nthawi yochuluka yogwira cholembera. Zonsezi nzoona.

Koma madandaulo awa atsutsa intaneti, satsutsa kulemba. Salimini analibe foni. Ntara analibe magetsi. Kope ndi pensulo zikwanira kuyamba nazo. Ndipo zida za pa intaneti sizifuna kuti munthu aliyense akhale ndi foni yake. Mutu umodzi susenza denga. Kalasi la anthu makumi awiri likhoza kusonkha pang'onopang'ono monga lichitira ku banki mkhonde, nilituma mmodzi amene apita ku boma kapena kumene netiweki ili bwino, kuti akatsitsire m'foni timabuku tambiri tsiku limodzi. Pambuyo pake tiwerengedwa pa mudzi popanda kulipiranso. Mawu ovuta asonkhanitsidwa m'kope sabata yonse, nafunsidwa kwa mtanthauziramawu nthawi imodzi. Kasola kakang'ono kamene katchaja foni yoimbira katchajanso foni yowerengera.

Komabe katundu yense asasenzetsedwe mlimi. Pali mbali imene ili ya akuluakulu a ntchito. Dziko lino linayamba ndondomeko yaikulu ya sukulu za kwacha mu 1986, ndipo chodziwika kwa aphunzitsi a akulu m'mayiko onse nchakuti munthu amene waphunzira kuwerenga, akasowa chowerenga, aiwala. Kuphunzitsa munthu zilembo ndi kumsiya wopanda buku ndiko kufesa mbewu ndi kusapalira. Bungwe la National Library Service, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967, liyenera kukumbukira kuti owerenga ake sathera pa boma la Chitipa. Bungwe la MACRA, limene lisunga thumba la ndalama zofikitsira mauthenga ku madera akutali, liyenera kuyang'ana ku midzi ya m'mphepete mwa mapiri a Mafinga ndi Nyika. Bungwe la olemba la Malawi Writers Union liyenera kufunafuna olemba m'makalasi a kwacha monga liwafunafuna m'makoleji. Ndipo mipingo, imene inabweretsa makina oyamba osindikizira ku Blantyre, ku Livingstonia ndi ku Nkhoma, isaiwale ntchito ya makolo ake.

7. Poyambira

Wophunzira wa ku Wenya asayambe ndi buku lalikulu. Ayambe ndi tsamba limodzi la chinthu chimene achidziwa koposa mnzake aliyense: kafesedwe ka mawere ndi kasungidwe ka mbewu yake, zizindikiro za ng'ombe yodwala, mayina a mitsinje ndi mapiri ndi chifukwa chake anatchedwa chotero, m'mene mudzi wake unafikira pamene uli, miyambo ya ukwati ndi ya maliro. Anthu akunja adziwa kale kuti zinthu zotere ndi za mtengo wapatali. Bungwe la UNESCO linalemba gule wa vimbuza m'kaundula wa chuma cha anthu onse mu 2008, ndi gule wa mwinoghe wa ku Chitipa mu 2018. Ngati a ku Paris aona kufunika kwake, nchamanyazi kuti eni gule asiye alendo okha kumfotokoza.

Njira yake ndi yosavuta. Mlembi apite kwa wamkulu wodziwa nkhaniyo, apemphe chilolezo mwaulemu, pakuti pali zina za mwambo zimene eni ake safuna kuti zilembedwe, ndipo kukana kwawo kulemekezedwe. Akaloledwa, ajambule mawu kapena amvetsere bwino. Alembe monga wamvera, osaopa kulakwa. Kenaka awerenge mokweza pamaso pa anzake a m'kalasi, pakuti khutu ligwira cholakwa chimene diso lachilumpha. Pamenepo ndipo atsegule mtanthauziramawu kuti akonze kalembedwe ka mawu okayikitsa. Liwu la kwawo likasowa m'bukumo asalitaye poganiza kuti ndi lolakwa; alisunge ndi kulemba tanthauzo lake, pakuti wapeza chimene osonkhanitsa mawu sanachipeze. Potsiriza alembenso bwino pa tsamba loyera, aike dzina lake, dzina la amene anamuuza, mudzi ndi chaka. Safunsa anadya phula: chimene sachidziwa afunse, asapeke.

Masamba otere akasonkhana m'kalasi limodzi kwa chaka, ndi kabuku. Kakhoza kulembedwa pa kompyuta, kusindikizidwa pa mapepala ochepa, kuwerengedwa ndi kalasi lobwera pambuyo ndi ana a sukulu, ndi kutumizidwa pa foni kwa abale okhala ku Mbeya, ku Lusaka ndi ku South Africa. Wophunzira wa chaka chamawa adzaphunzira kuwerenga ndi nkhani ya mudzi wake, yolembedwa ndi munthu amene amdziwa, ndipo sadzakhulupiriranso kuti mabuku agwa kuchokera ku Ulaya.

Akulu akulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalo liuma likapanda kusamalidwa. Nkhalamba iliyonse imene iikidwa m'manda ku Wenya nkhani zake zisanalembedwe ipita ndi zinthu zimene palibe makina adzazibweza. Zida zafika, ndipo zina nzaulere. Chotsala ndi dzanja logwira mpini, ndipo dzanja limenelo ndi la yemwe uja anaphunzira kulemba dzina lake chaka chatha.